Mame a ku Lusaka sakamuka

Akuluakulu amene anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ankanena za mlendo woyenda pansi, wochoka kwa Mlolo kukagona kwa Mwangala, m'mawa mwake n'kubwerera poti mbuzi anasiyira ana. Basi ya ku Lusaka sankaidziwa.

Mlendo wa lero amanyamuka pa Chadiza ndi thumba la mtedza ndi nkhuku yomanga miyendo. Pa mlatho wa Luangwa amagulanso nsomba zouma. Akatsika pa siteshoni ya basi ya Intercity amaimba foni: "Mphwanga, ndafika. Ndangoti ndidzaoneko tauni." Tsiku lobwerera satchula, ndipo mwana woleredwa bwino sangafunse amalume ake zimenezo.

Sabata yoyamba amalume amayenda mu Cairo Road mwamantha, n'kuyang'ana nsonga ya Findeco House mpaka chipewa kugwa. Pofika mwezi ndi iwo amene akuphunzitsa eni nyumba kumene kapenta amatchipa pa msika wa Soweto, ndipo wofuna kusintha TV ayambe wawapempha. Thumba la ufa la 25 kg likutha ngati labooka. Mwini nyumba amayesa kuzungulira nkhani: "Kodi amalume, mvula kumudzi sinayambe?"

"Yayamba. Ana alipo, abzala."

Komatu tisawaseke kwambiri, khalidweli analipeza konko. Pa Manda Hill, pamene lero pali Nyumba ya Malamulo, kale panali mudzi wa mfumu Lusaaka, anthu akulima ndi kuweta mwakachetechete. Mu 1905 njanji inadutsa m'deralo n'kusiya kasiteshoni. Mu 1935 boma la atsamunda linasamuka ku Livingstone kudzakhala ku Lusaka. Atsamundawo ulamuliro anautula mu 1964, koma likulu silinayalule mphasa. Likutambasulabe miyendo kulowera ku Chongwe, m'dziko la Asoli la mfumu yaikulu Nkomeshya. Ngati boma lenilenilo linabwera ngati mlendo n'kukhazikika, amalume alakwa chiyani? Ndiye munthu wa kwa Zingalume afike mumzinda n'kupeza komboni yotchedwanso Zingalume kufupi ndi komboni ya George, mukuti aziganiza kuti ali kwa eni?

Dzuwa lokamula mame otere lilipo limodzi lokha: uthenga wa pafoni woti feteleza wa FISP wafika. Usiku womwewo amalume amalongedza, n'kutsanzika mwaulemu wonse, kenaka n'kupempha ndalama ya basi, yopita ndi yobwerera.