Malangizo kwa Ofuna Kumaliza Nsomba M'kamtsinje ka Kwawo

Mvula yayamba kumapiri, ndiye posachedwa madzi atipeza kuno kuchigwa ngakhale kumwamba kuli mbee. Mitsinje yomwe inali mchenga wokhawokha mu Okutobala, ya Thangadzi, Lalanje ndi Mkombedzi, idzaza, ndipo milamba iyamba kukwera kuchoka mu Shire kudzaswana m'maudzu omira. Ndaona kuti ena mwa inu mukuchedwa kuzimaliza nsombazi, choncho ndati ndikuthandizeni.

Poyamba penipeni, tayani mbedza. Mbedza ndi ya ana asukulu ndi alendo aja okwera ku Nyika, amene amagula chilolezo, nakhala tsiku lonse padamu ku Chelinda, akagwira nsomba n'kuijambula kenako n'kuibwezera m'madzi. Munthu wotere kuno tikhoza kupita naye kwa asing'anga. Inu lowani kuchipinda, masulani neti ya udzudzu yomwe mayi a kunyumba adalandira kusikelo. Ikachepa, lumikizani zitatu. Ubwino wa netiyi ndi wakuti ilibe tsankho. Ngati udzudzu sudutsa, kamphende kobadwa dzana kadutsira pati? Imakokolola ana a nsomba, mazira, achule, nkhono ndi matope omwe. Boma lidaigawa ulere, yonyikidwa kale m'mankhwala. Ana akayamba kutentha thupi ndi malungo, njinga ya kabaza ilipo, chipatala sichinasamuke.

Mukagwira mphende yaikazi nyengo ino, itseguleni kukamwa. Mupeza mazira kapena tiana tambirimbiri, pakuti nsomba imeneyi imalerera ana m'kamwa mpaka atalimba. Musamve chisoni. Mwapha nsomba mazana ndi dzanja limodzi, ndipo sizichitika kwa aliyense.

Tsono nkhani ya malamulo, yomwe imavutitsa anthu amantha. Lilipo lamulo loteteza nsomba la 1997. Limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena mabomba, lili ndi ziphaso zake, ndipo ndilo lidapatsa mphamvu makomiti a m'madoko, a BVC aja. Njira yachidule yothana nalo ndi kulowa m'komiti momwemo. Simudzamva kuti neti ya wapampando yatenthedwa. Ngati mpando wakukanani, kwatirani mlongo wake wa msungichuma. Pamsonkhano khalani kutsogolo, valani sikipa ya pulojekiti, ombani m'manja pamene bwana wa zausodzi akunena za maso a ukonde, funsaninso funso lanzeru. Fanta imwani, alawansi sainirani. Kukada, pitani mukakoke. Mukagwidwa musakalipe, ingonenani kuti "tiyeni tikambirane, akuluakulu." Milamba iwiri yonona ikalowera kuseri kwa nyumba yoyenera, mlandu umauma kusanache. Amene adzalandidwe neti ndi mayi wamasiye amene analibe kangachepe, ndipo lipoti lidzati ntchito yagwirika.

Zina n'zosafunika kutayirapo nthawi. Mono tchingani nawo mtsinje wonse, tsidya ili mpaka tsidya lija, pasapezeke podutsa. Bango dulani, limani mpaka m'madzi. Namasupuni musiyeni, ndi maluwa. Mkodzo ukakugwirani musavutike kutuluka m'madzi, nkhono zoweta likodzo nazo zikufuna ntchito.

Madzi akaphwera n'kutsala m'mathamanda, makolo ena ankasinja katupe. Inu ndinu amakono, tsanulirani mankhwala a thonje.

Ayi, apa nthabwala ithe kaye. Thamanda limenelo ndi lomwe ng'ombe zimamwa, amayi amachapa, ana amasamba pochokera kusukulu. Nsomba zophedwa choncho zimathera pamsika, ndipo wogula sadziwa chomwe akudyetsa ana ake. Munthu amene chimanga chake chidapita ndi madzi, nakoka neti ya udzudzu kuti ana asagone ndi njala, ndikhoza kumumvetsa ngakhale akulakwa. Koma wothira mankhwala m'madzi ndi chigawenga, ndipo mudzi umamudziwa dzina.

Tibwerere ku malangizo. Woyang'anira madzi mmodzi yekha amene salandira kangachepe ndi ng'ona, ndiye mupatseni ulemu wake. Lowani m'madzi mbandakucha kapena chisisira, nthawi yomwe iye ali pantchito. Muzitsikira malo amodzimodzi tsiku ndi tsiku, chifukwa ng'ona imasunga pamene nyama zimazolowera. Nsomba tumbulirani m'mphepete momwemo, matumbo n'kuponya m'madzi kuti adziwe kuti mwafika. Mukaona mvuu ili ndi mwana, yandikizani bwato mumuone bwino. Zikavuta tidzati ng'onayo inali yotumidwa, ndipo tidzaloza nkhalamba ina ya m'mudzi.

Nsomba zikatha, ndipo zitha, konzeranitu wolakwa. Namondwe Ana wa mu 2022 alipo, Freddy wa mu 2023 aliponso, ndipo onsewa sangadziyankhire ngakhale adakwiriradi madambo ndi mchenga. Akachepa, onjezerani asodzi a ku Mozambique. Wina akakuuzani za chilumba cha Mbenji ku Salima, kumene mfumu Makanjira ndi anthu ake akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kuyambira m'ma 1950, nsomba n'kumachuluka chifukwa wophwanya lamulo amathamangitsidwa posayang'ana nkhope, muuzeni kuti kumeneko ndi kunyanja, ife ndife a kuchigwa. Yankho limeneli silitanthauza kanthu, koma limatseka pakamwa.

Musadandaulenso za mbiri ya dera lathu, chifukwa dzina silitha. David Livingstone podutsa mu 1859 adaona njovu pafupifupi 800 m'dambo lomwe lero timalitcha Elephant Marsh. Pano wofuna njovu amakalipira pachipata ku Majete, koma dambo likadali la njovu, ndipo mu 2017 lidalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Doko lanu nalo lidzatchedwabe doko. Zidzukulu zidzakhala pamenepo kudikira galimoto ya usipa wouma wochokera ku Mangochi, wogula ndi ndalama zomwe sizidzakhalapo.

Bambo, neti ija ichapeni mukaipachike pomwe ana amagona. Ndipo inu a komiti, mukayamba kulanda chaka chino, yambirani ya alamu anu.