Che Mlembi ndi bokosi la makiyi asanu

Ilala, sitima yomwe kwawo ndi pa doko la Monkey Bay, sinafike ku Malawi ikuyandama. Anaipanga a kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, zidutswa zake n'kudzera ku Beira mpaka kunyanja kuno, komwe amisiri anazilumikiza, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Ndiye kuti m'tauni muno munakhalako amuna omwe ankayamba awerenga malangizo asanagwire sipanala. Mtundu umenewo unatha. Che Mlembi ndi a m'badwo wotsatira. Akagula wailesi, kabuku kake amayatsira mbaula, ndipo akasochera panjira ya ku Chembe amati akuyendera malo.

Mkuluyu amasunga mabuku a ndalama pa kaloji kena m'mbali mwa nyanja. Kwa zaka zambiri mapasiwedi onse a pamalopo, ya imelo ya alendo, ya Wi-Fi, ya kubanki, ngakhale nambala zachinsinsi za Airtel Money ndi Mpamba, ankakhala m'kope la ana asukulu. Pachikuto analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti ZINSINSI, kuti wina asalitsegule mwangozi.

Zinasintha mu February 2024, pomwe Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alowa m'makompyuta opangira mapasipoti ndipo akufuna dipo. Mangochi ndi boma lomwe pasipoti ndi nkhani ya m'nyumba iliyonse, poti anyamata ambiri maso awo ali ku Joni. Abwana a kalojiko atamva pa wailesi, anayang'ana kope lija, n'kuyang'ana Che Mlembi, kenaka n'kuitanitsa mphwawo wa Che Mlembi yemwe anaphunzira za makompyuta.

Mnyamatayo anaika Vault pa laputopu ya mu ofesi. Iyi ndi pulogalamu yosungira mapasiwedi ndi makiyi a makompyuta, yomwe kampani ya HashiCorp ya ku San Francisco inatulutsa mu 2015. IBM inadzagula kampaniyo mu 2025 pa mtengo wa madola 6.4 biliyoni. Makampani akuluakulu amasungiramo zinsinsi za makompyuta zikwizikwi. Kuno inapatsidwa ntchito yolondera pasiwedi ya Wi-Fi yomwe mlendo aliyense amauzidwa akangotula chikwama. Koma mwana anali atangomaliza sukulu, ndipo palibe anafuna kumugwetsa ulesi.

Kagwiridwe kake amayi a banki m'khonde sangakaone kachilendo. Bokosi lawo limakhala ndi maloko atatu, makiyi n'kugawira anthu atatu, kuti wina asalitsegule yekha usiku. Vault nayo ikangokhazikitsidwa imadula kiyi wamkulu m'zidutswa zisanu, ndipo kuti itseguke pamafunika zitatu zilizonse mwa izo, potsatira masamu omwe Adi Shamir anafalitsa mu 1979. Zidutswazo zinapita kwa abwana, akazi awo, mnyamata uja, wophika, ndi Che Mlembi. Ndipo makina akazima n'kuyakanso, Vault imadzitsekera yokha.

Mnyamata atamaliza anakwera basi ya ku Joni. Anasiya mawu amodzi: "Amalume, mukakanika lembani vault -h. Zonse zili momwemo."

"Iwe, ine ndinayamba taipilaita mayi ako asanakwatiwe," anayankha Che Mlembi.

Tsiku lomwe laputopu inatha moto n'kuyakanso, mkuluyu anakhala kutsogolo kwa kawindo kakuda komwe mulibe chithunzi kapena batani, kokha kamzere kophethira. Anayamba mwaulemu, kulemba "tsegula". Inakana. Anayesa Chingerezi cha ku sekondale, chokhala ndi "chonde" wake kumapeto. Inakana. Anagula bandulo, n'kuonera vidiyo ya mnyamata wina wa kunja yemwe anatha theka la nthawi akupempha anthu kuti amutsatire. Bandulo inatha mnyamatayo asanafike pa nkhani. Kenaka anaimbira mnzawo wokonza mafoni kumsika, yemwe mankhwala ake pa matenda onse ndi kufulasha.

Zonsezi n'kuti yankho lili m'laputopu momwemo, laulere, losafuna netiweki. Munthu akalemba vault -h, pulogalamu imandandalika malamulo ake onse, lililonse ndi chiganizo chimodzi chonena ntchito yake. Akasankhapo limodzi, monga vault operator -h, imamuonetsa timalamulo ta pansi pake. Akatsikanso, vault operator unseal -h, imamupatsa kalembedwe kake, zitsanzo zoti angotengera, ndi machenjezo. Mwambowu ndi wakale: mabuku a malangizo a Unix analembedwa mu 1971, Ilala itangokwanitsa zaka 20 pamadzi, ndipo mpaka lero pafupifupi pulogalamu iliyonse ya pa kawindo kakuda imayankha ukaifunsa ndi -h kapena --help.

Che Mlembi anafunsa pomaliza, atatseka chitseko kuti wophika asaone.

Chomwe anapezamo chinawatsitsa mapewa. Malangizo a unseal amanena poyera kuti kiyi ukhoza kumulemba pa mzere womwewo wa lamulo, koma si bwino, chifukwa kompyuta imasunga mbiri ya zonse zolembedwa pamenepo, ndipo wobwera pambuyo akangodina kamuvi koloza m'mwamba amaona zonse. Njira yabwino n'kulemba lamulo lokha, pulogalamu n'kufunsa kiyi, munthu n'kulemba osaoneka pa sikirini. Mkuluyu anali atalembapo kale kiyi wawo pamtetete, pambali pa "tsegula" ndi "chonde". Ndipo poti zilembo sizinkaoneka pamene ankachita moyenera, anagogoda kiyibodi poganiza kuti yafa.

Panalinso za mabulaketi. M'malangizo otere, zomwe zili m'mabulaketi a makona ndi zosakakamiza, ukhoza kuzisiya. Che Mlembi, omwe anakulira m'manja mwa aphunzitsi okwapula ukasiya kadontho, anakopera zonse, mabulaketi omwe.

Atazolowera, chidwi chinawagwira, ndipo apa tiyenera kuwayamikira pang'ono poti palibe wina angatero. Mu vault kv put -h anapeza kuti pasiwedi ikhoza kuwerengedwa kuchokera mu fayilo poika chizindikiro cha @ kutsogolo kwa dzina la fayiloyo, n'cholinga chomwe chija choti isatsale m'mbiri. Anapezanso kusiyana kwa delete ndi destroy: loyambalo limangobisa chinsinsi moti undelete ikhoza kuchibweza, pomwe lachiwirilo limafafaniziratu. Kwa munthu wa zala zothamanga kuposa mutu, chiganizo chimenecho n'chofunika kuposa malipiro a mwezi. Pali ngakhale vault server -dev, yophunzirira, yomwe imatseguka yokha popanda kusaka makiyi, koma imasunga zonse m'mutu mwa kompyuta, ukaizimitsa n'kuiwala zonse. Malangizo ake amachenjeza kuti isagwiritsidwe ntchito yeniyeni. Che Mlembi anaisirira kwambiri.

Chilungamo chake, malangizowa ali ndi zofooka. Onse ali m'Chingerezi, chinanso cha amisiri, chomwe chimaganiza kuti owerenga akudziwa kale kuti token ndi chiyani. Ndipo lamulo lina lothandiza, vault path-help, lomwe limafotokoza njira zamkati mosungira zinsinsimo, limafunsa kwa seva, choncho silingayankhe Vault ikadali yotseka. Amene watsekeredwa kunja, yemwe ndiye akufunitsitsa thandizo, amauzidwa kuti ayambe walowa.

Komabe -h inawafikitsa pa khomo. Analemba kiyi wawo moyenera, vault status n'kuonetsa kuti pa zidutswa zitatu zofunika, chimodzi chalowa. Akazi a abwana anabwera ndi chawo atachimanga pa ngodya ya chitenje, n'kukhala ziwiri. Abwana anali ku Lilongwe foni ili yozima. Mnyamata uja ku Joni ankangoonetsa kachongi kamodzi pa WhatsApp. Kunatsala wophika, yemwe anafunsidwa mwaulemu wonse womwe sanaulandirepo chiyambire ntchito.

"Kapepala kaja, achimwene? Ndinakapereka kwa mayi a kunyumba kuti asunge. Apita ku Makanjira kumaliro, abwera mawa kapena mkuja."

Alendo awiri ochokera ku Germany omwe ankadikira pasiwedi ya Wi-Fi anathandizidwa ndi mlonda, yemwe anaiwerenga pamtima.