Dzino Limodzi

Ka Vitz kanga kankangofuna mabuleki basi, ntchito ya theka la ola pa galaja ina ya pansi pa mtengo wa mango pa Kasungu boma. Makaniko anali atangochotsa tayala pamene Hilux ya bwana wina wa esiteti ya ku Santhe inalowa ikutsokomola, ndipo pomwepo ine ndinaleka kuoneka. Mwezi wa Meyi kuno, ngati sunagulitse belo la fodya ku Chinkhoma, moni amakupatsa ndithu, koma maso ali pa thumba la wina.

Galimotoyo mukanaiona! Anaikweza mpaka mayi akunyumba amachita kuyenda ndi kampando kokwererapo. Pambali pali chipaipi chofika kudenga, ati injini izipumira pamenepo powoloka mtsinje, chonsecho Bua amawolokera pa mlatho ngati tonsefe. Magetsi kutsogolo asanu ndi limodzi, oyaka awiri. Winchi ilipo, koma waya wake anakamangira chigafa chomwe chinkafuna kugwa. Injini ya 3L anaichotsa n'kuikamo ya 5L, ya malita atatu, yozula m'galimoto yangozi. Lamba wa taimingi, yemwe amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000, anakhalamo mpaka kuthetheka, poti mita inafa nthawi ya Bingu. Watsopanoyu anaika ndi mphwake wa bwanayo, usiku, tochi ya foni ili kukamwa.

Makaniko, bambo wosalankhulalankhula, anamvetsera kugogoda kwake, n'kuona utsi, n'kutsegula chivundikiro. "Lamba analumphitsa dzino limodzi, bwana." Anafotokoza kuti kilanki ikazungulira kawiri, kamushafuti imazungulira kamodzi, n'kumatsegula mavavu pa nthawi yake. Pa kilanki, pa kamu ndi pa pampu ya dizilo pali zizindikiro, ndipo zitatu zonsezo ziyenera kuloza pamalo pake nthawi imodzi. Ukaphonya dzino limodzi, injini imavuta kulira ndipo imafuka. Ukaphonyerapo ena, pisitoni imakumana ndi vavu, ndipo ndalama ya mabelo angapo imathera pomwepo.

Nkhani ikanathera apa. Koma ku Kasungu boneti ikatseguka ndiye kuti kwagwa msonkhano. Anyamata a kabaza anatsamiritsa njinga zawo. Wogulitsa mayunitsi anatseka ambulera. Mlonda wa sitolo yoyandikana anabwera ndi chibonga chake n'kulamula kuti vuto ndi mapulagi, pa injini ya dizilo. Madala ena anatenga sikuludiraiva, nsonga pa injini, chigwiriro kukhutu, maso atatsinzina, n'kunena kuti akumva ufiti pa silinda yachitatu. Injiniyo inali yozimitsa.

Kenako anafika achimwene a ku Joni. Tauni iliyonse ili nawo. Jekete yachikopa dzuwa lili paliwombo, makiyi mulu m'chiuno koma galimoto yake palibe anaionapo, "eish" patsogolo pa mawu alionse. Anaika phazi pa tayala, anapukusa mutu motimvera chisoni tonse a ku Malawi.

"Eish, madala, zamanjazi zinatha. Ku Joni timangolumikiza kompyuta, mphindi ziwiri."

"Tilumikiza pati, achimwene?" anafunsa makaniko osadzutsa mutu. "Pa bampala?"

Injiniyo, yapampu yakale ija, ilibe ngakhale kabowo kolowetsapo kompyuta. Koma achimwenewo sanagonje. Anati lambayo apite patsogolo mano awiri kuti galimoto izithamanga ngati za mpikisano ku Kyalami. Anati chizindikiro cha Toyota n'cha azungu, fumbi la kwathu kuno limafuna taimingi yakeyake. Akumudzi kwawo amati ku Johannesburg ankatsuka magalimoto, ndiye mwina n'zoona kuti maboneti ambiri anawagwirapo. Bwana anawagulira Fanta. Makaniko, yemwe mkono unali m'kati mwa injini mpaka m'chigongono, sanafunsidwe n'komwe ngati ali ndi ludzu.

Chomwe chinandiwawa kwenikweni chinali kumbuyo kwa Hilux. Munakhala amuna atatu a nsapato zamatayala, manja akuda ndi utomoni wa fodya, omwe analima, kusoka ndi kudinda mabelo amene anagula magetsi osayakawo. Lamulo linathetsa utenanti mu 2021, koma kudikira sikunathe. M'modzi atanong'oneza za malipiro, bwana anayankha kuti madola sanalowe kubanki, uku akutulutsa chimpukutu cha ma K5,000 kuti atume wina kanyenya. Ndalama yokweza galimoto imapezeka, yokweza munthu imachedwa kubanki chaka ndi chaka.

Makaniko anangopitiriza. Anazungulitsa kilanki mpaka chizindikiro chinafika pake, anafewetsa tenshona, anavula lamba, anasuntha dzino limodzi lija, n'kumanganso. Kenako anazungulitsa injini ndi sipanala kawiri, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru kuti amve ngati pali chogunda. Zizindikiro zonse zinabwerera m'malo. Anapukuta manja pa ovolosi. "Lizani, bwana."

Inalira kamodzi n'kamodzi. Utsi zii, kugogoda zii. Mlonda anati ndi zomwe ankanena zija. Madala a sikuludiraiva anati mfiti yathawa. Koma nkhope ya bwana inagwa. Anaponda mafuta, anatsika, anazungulira galimoto, anakagwada kumbuyo n'kusuzumira mu ekizozi.

"Amisiri, mwaitani galimoto yanga? Kale ndikamachoka pa Chatoloma, a pa boma ankadziwa kuti ndikubwera. Ndiye ndizifika ku Chinkhoma mwakachetechete ngati wobwereka? Bwezeranipo dzinolo."

"Eish," anatero achimwene a ku Joni, akupukuta Fanta pamlomo. "Ndimanena ine. Mano awiri."