Kusankha Bampala ya Njinga Yamoto: Malangizo kwa Ofuna Kulakwitsa Mwadongosolo

Mwapeza njinga yamoto, kaya ndi Lifo, King Lion kapena Boxer, ndipo mawa mukuyamba kabaza. Za laisensi, inshuwalansi ndi kukalembetsa ku Road Traffic zisiyeni kaye. Yambani ndi bampala, zitsulo zija zimatuluka uku ndi uku kutsogolo kwa injini. Mapepala amaonedwa ndi wapolisi yekha, pomwe bampala imaonedwa ndi siteji yonse.

Ena adzakuuzani kuti ntchito ya chitsulochi ndi yochepa, yoti njinga ikagwa cham'mbali isakuthamanga, chiyambe ndicho kugunda pansi kuti injini, thanki ndi chopondera giya zipulumuke. Anthu otere alibe masomphenya. Inu mukufuna bampala yotambalala kuposa mahandulo. Madzulo magalimoto akathithikana pa Malangalanga, anzanu azidzadutsa pakati n'kumapita, inu mudzatsala kudziwana ndi eni magalimoto, makamaka amene apentetsa kumene. M'tinjira ta ku Mgona mudzadziwananso ndi amayi ogulitsa tomato. Bampalayo ikhalenso yotsika, kuti mukapendeketsa njinga pokhota iyambe ndiyo kukhula pansi n'kunyamula tayala. Matayala nawonso amafuna kupuma.

Za chitsulo chake pali njira ziwiri, zonse zodalirika. Yoyamba ndi kapaipi kopyapyala, konga ka mipando ya m'tchalitchi. Kameneka njinga ikangogwa kamapindikira mkati n'kukaswa injini imene kamayenera kuteteza, choncho mumalipira kawiri. Yachiwiri, imene ine ndimaiyamikira kwambiri, ndi chitsulo cha Y12 chotsala pomanga nyumba, kapena paipi yochindikala kuposa chasesi cha njingayo. Mphamvu ya kugwa siisowa, imayenera kupita penapake. Paipi yachikatikati imapindika pang'ono n'kuimeza. Chitsulo chosagonja chimaipereka yonse kwa chasesi. Mukadzadzuka mudzapeza bampala ili nji, yosakandika n'komwe, koma njinga ikuyenda chankhanu kuchokera ku Kawale mpaka m'tauni. Bampala imeneyo mudzaisunga kuti mudzaike pa njinga yotsatira.

Tsopano kwa owotcherera. Ku Biwi Triangle ndi ku Mchesi kuli amisiri odziwa ntchito, ndipo amenewo ndiwo muwasamale. Mmisiri weniweni adzakuonetsani malo amene opanga njinga anasiya omangirapo mabawuti, n'kunena kuti, "Timange apa achimwene, kuti ikadzapindika mudzangomasula." Mukaneni. Muuzeni awotcherere pachasesi penipeni, chifukwa chinthu chomasuka ndi sipanala chilibe ulemu. Moto wowotcherera umafooketsa chitsulo pafupi ndi msoko, kenaka mabampu a ku Chinsapo amamaliza ntchitoyo pang'onopang'ono, mng'alu n'kumakula pansi pa penti popanda kukusokonezani. Akafuna kuchotsa batire ndi thanki asanayambe, mukumbutseni kuti magetsi atha kuzima nthawi ina iliyonse. Petulo wake ndi wosowa kale, sangavute.

Ngati mwagonja n'kulola mabawuti, musataye mtima. Gwiritsani ntchito otsala m'thumba la mmisiri, opanda washala, ndipo musadzawayang'anenso. Injini yogwedera tsiku lonse idzawamasula yokha. Waya alipo.

Musayese kukhotetsa mahandulo mpaka kumapeto musanachoke pagalaja. Ngati bampala ikugunda foloko, mudzadziwira pamsewu, pamene pali mboni.

Pakati pa zitsulo ziwirizo pamakhala mpata wooneka ngati ukuwonongeka. Tsekanipo ndi lata, mulembepo dzina la timu yanu kapena vesi. Injini za njinga izi zilibe radiyeta, zimazizira ndi mphepo yowomba pa silinda. Mukaitchinga mphepoyo mu Okutobala, mutanyamula mayi, mwana ndi thumba la chimanga, injini idzafunda bwino, ndipo mekaniki wa ku Area 23 adzayamba kukutchulani kuti kasitomala wake wapamtima.

Nsonga za paipi zisiyeni chomwecho mmene sowo inadulira. Kuzipinda mozungulira n'kwa anthu amantha. Mpata wa pakati pa bampala ndi chopondera ukhale wokwana mwendo kulowa koma osatuluka, kuti njinga ikamatsetsereka m'matope a Januwale musasiyane nayo. Mwini wake anakuuzani kale kuti musamaisiye yokha.

Bampala ikapindika, iwongoleni ndi hamala. Ikapindikanso, iwongoleninso. Chitsulo chopindidwa mobwerezabwereza chimathothoka, koma chimachita zimenezi pa nthawi yake, ndipo penti yakuda imabisa zambiri.

Pofika apa ndalama yatha, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Malamulo a pamsewu amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale chipewa choteteza mutu, a MACOKASA, bungwe la akabaza, nawonso amanena zomwezo, koma chipewa chabwino mtengo wake ungagulire magetsi obiriwira ndi ofiira okoleka pabampala. Ngati muli nacho kale chimodzi, chosweka lamba, chikolekeni pabampala pomwepo chiziyenda nanu. Mukaona apolisi patali, chiikeni pamutu osamanga, mukawadutsa chibwezereni. Wokwera ali ndi tsitsi. Kuphazi valani patapata, pakuti nsapato zimachedwetsa.

Musaope kuti mafupa adzasowa kolowera. Ku Central kuli LION, chipatala cha mafupa ndi mitsempha, ndipo madokotala a kumeneko akhala akudandaula poyera kuti ngozi za kabaza zikuwadzadzira mabedi. Tanthauzo lake ndi lakuti simudzasowa anzanu ocheza nawo, ena a siteji yanu yomwe. Nawonso amaika zitsulo ndi mabawuti, koma m'mwendo, ndipo sakufunsani maganizo anu pa kukula kwake.

Muli chigonere foni idzalira. Adzakhala bwana, mwini njinga, amene mumamupatsa tageti madzulo aliwonse. Funso lake loyamba mukulidziwa kale: "Nanga njinga ili bwanji?" Muwayankhe mwaulemu kuti chasesi chapindika, foloko yathyoka, thanki yabooka, koma bampala, bwana, ili bwinobwino.