Lainingi ya Jekete ndi Nyerere za Mkuyu

Jekete yopitira ku ukwati wa mlamu wanga ndinaigula pa kaunjika. Inali yokongola moti ngakhale phungu akanaicheukira. Koma nditangoponya makiyi m'thumba, anapitiriza ulendo mpaka kumsana, ndipo tsiku lonse ndinkalira ngwerengwere ngati ng'ombe yovala belu. Telala wa pakhonde la sitolo ataitembenuza anapukusa mutu. "Bwana, lainingi inatha kalekale. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere."

Liwu la lining Angerezi analitenga ku linen, nsalu imene kale ankaisokerera mkati mwa zovala. Lero lamera paliponse ngati bonongwe. Makanika naye ali ndi lainingi yake, ya mabuleki. Minibasi ikhoza kupentedwa bwino, kumbuyo n'kulembedwa vesi, koma ngati lainingiyo inadyeka mudzaidziwira potsetsereka ku Chiweta, kondakitala atayamba kukumbukira nyimbo za kwaya.

Dokotala akatchula liwu lomweli amanena khungu la mkati mwa chifu, limene limachitchinjiriza kuti chisadzigaye chokha. Likabooka ndiye zilonda za m'mimba zija. Kwa zaka zambiri ankanamizira nkhawa ndi tsabola, mpaka mu 1984 dokotala wa ku Australia, Barry Marshall, anamwa dala tizilombo ta Helicobacter pylori kuti anzake amukhulupirire. Anadwaladi. Mu 2005 iye ndi Robin Warren analandira mphoto ya Nobel. Mkulu ameneyu nyerere sanangozipeza, anachita kuzimeza yekha.

Wakatangale nayenso Angerezi sanamuiwale. Amati akuika lainingi m'matumba ake, ndiye kuti akuwayala ndi ndalama za eni. Apa mtima unandipweteka pang'ono: thumba langa ine limataya ndi makobidi omwe, la iwowo silidontha.

Chimene chimandiseketsa kwambiri ndi mtambo. Mngerezi akaona mtambo wakuda bii amati uli ndi lainingi ya siliva, kutanthauza kuti m'tsoka lililonse mwabisala kabwino. Chithunzichi chinachokera kwa John Milton, mu sewero lake la Comus la mu 1634. Taonani kusiyana kwake. Iwo amang'amba choipa kufuna siliva, ife timang'amba chokoma kufuna nyerere. Mwina n'chifukwa chake mnyamata wa suti akafika kudzafunsira mbeta, amalume sayang'ana tayi, amatuma munthu kukafufuza kwawo. Masiku ano ntchitoyo yakula, poti pa Facebook aliyense ndi nkhuyu yakupsa. Chithunzi wajambulitsa atatsamira galimoto ya eni, mwini wake ali mu banki.

Komabe tisazinyoze kwambiri za mkati mwa nkhuyu. Tizilombo tambiri timene timapezamo si nyerere ayi, ndi timavu ting'onoting'ono timene timalowa pa kabowo ka chipatsocho titanyamula mungu, ndipo popanda ito mkuyu sungabereke mbewu zomera. Ndinayesa kumufotokozera telala uja zimenezi, poganiza kuti mwina anditsitsirako mtengo. Anamvetsera mwaulemu ndithu, singano ili pakamwa, kenako ananditchulira mtengo wa lainingi yatsopano. Unaposa wa jekete.

Ndinavala yomweyo n'kubwerera kunyumba. Makiyi ndinawapeza patatha masabata awiri, pafupi ndi kolala.