Khadi la ku Joni Lafika pa Ploti

Pa ploti ina ku Zingwangwa pali nyumba zisanu za lendi, mpopi umodzi ndi mita ya magetsi imodzi. Pamalo otere chinsinsi sichigona. Choncho mnyamata wa nyumba ya kumapeto, amene amalemba malisiti m'sitolo ina ku Ginnery Corner, atangonong'oneza mnzake kuti akufuna kugula graphics card, nkhani inafika kwa alandilodi iye asanatsuke n'komwe mbale imene anadyera.

Vuto lake aliyense ankalidziwa, poti makoma a pa plotipo ndi opyapyala. Usiku uliwonse kunkamveka mfuu: "Aaa, yadodomanso!" Kompyuta yake inali Dell OptiPlex ya kaunjika, yopyapyala ija imene maofesi akunja amataya ikakalamba. Makina amenewa anawapangira kulemba makalata ndi kuwerengetsa malipiro, koma iye ankafuna azimenyerapo GTA V ndi mpira wa EA Sports FC, womwe anyamata akuutchulabe FIFA ngakhale dzinalo linasintha mu 2023. Wosewera akathamanga ndi mpira, chithunzi chinkaima nji, kenako n'kudumpha, ndipo chikamayambanso kuyenda n'kuti chigoli chitalowa kale. Odziwa amati gemu imakoma zithunzi zikamasinthana ka 60 pa sekondi imodzi. Yake inkalephera ndi theka lomwe.

Tsono m'tauni muno mulibe munthu amene amati "sindikudziwa." Mukafunsa njira ya kumalo kumene munthu sanapondeko, amakulozeranibe ndi mkono wonse, n'kuwonjezera kuti ndi pafupi. Akatswiri anatuluka paliponse. Wometa tsitsi wa pa mphambano, yemwe foni yake ndi yomanga ndi selotepi, anati: "Biggie, osataya nthawi ndi zidole. Gulani RTX 4090 basi." Khadi limeneli linatuluka mu 2022 pa mtengo wa madola 1,599, ndipo lokhalo limadya mawati 450, koma wometayo analitchula mopepuka ngati akuitanitsa tchipisi. Wakabaza wina anati vuto ndi mavairasi. Mkulu wa mpingo wa nyumba yachiwiri anati vuto si makina ayi, vuto ndi lakuti mnyamatayo sanakwatire.

Munthu mmodzi yekha ndiye anafunsa funso lenileni. Ameneyu ndi wokonza mafoni ndi makompyuta wa mu msika wa Limbe, bambo wosalankhulalankhula. Anati, "Power supply yanu ndi ya mawati angati, achimwene?" Atamva mtundu wa kompyutayo, analangiza GTX 1050 Ti yaing'ono, ya 4GB, imene imangodya mawati 75 kuchokera pomwe yalumikizidwa pa motherboard, osafuna chingwe china. Mnyamata uja anafunsa chaka chimene khadilo linatuluka. Atamva kuti 2016, nkhope inagwa. Mu 2016 iye anali Folomu 2! Anthu adzati chiyani? Anatuluka mu msikamo atatsimikiza kuti bamboyo ndi wansanje, ndipo anasankha RTX 3060 ya 12GB pa chifukwa chomveka bwino, chakuti 12 ndi wamkulu kuposa 4.

Za ndalama tisachedwepo. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, wogulitsa aliyense ali ndi pemphero limodzi: "Mtengo umenewu ndi walero, bwana, mawa dola idzuka ili pena." Mnyamata wathu anapempha anzake a chipereganyu ku ntchito kuti alandire msanga chifukwa kumudzi kwagwa vuto. Anzakewo anamupepesa, wina mpaka anamugwira paphewa. Ndalamazo zinapita kwa achimwene ake a ku Johannesburg.

Achimwene a ku Joni ali ndi chinenero chawochawo. Akati "ndatumiza kale," ndiye kuti ayamba kuganizira zopita kukaona. Akati "zili m'basi," ndiye kuti agula. Akasiya kuyankha mauthenga pa WhatsApp koma status n'kumasintha tsiku ndi tsiku, pamenepo mudekhe mtima, katundu ali pafupi kunyamuka. Khadi limene anapeza linali logwiritsidwa kale ntchito. Kumbukirani kuti mu Seputembala 2022 ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasiya kukumbidwa ndi makhadi otere, ndipo makhadi amene anazungulira usana ndi usiku osapuma anakhuthukira pa msika. Koma wogulitsayo analumbira kuti ili linali la gogo wina amene ankangoonera zithunzi za adzukulu ake Lamlungu lokha. Achimwene aja analikulunga m'bulangeti pamodzi ndi mafuta ophikira a amayi, ndipo linadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka Mwanza.

Tsiku lolandira ku Wenela, mnyamata uja anavala shati yoyera. Anapereka ya fanta kwa kondakitala, bulangeti ndi mafuta anaziponya m'chikwama, koma bokosi la khadi analinyamula pachifuwa, dzina likuyang'ana kunja. Mu minibasi anakana kuliika pansi pa mpando. Atatsika anadzera njira yaitali yodutsa pa wometa uja, n'kuima pamenepo kufunsa za moyo wa ana, chinthu chimene sanachitepo chiyambire.

Loweruka masana anthu anadzaza m'chipinda, ena pakhomo, ana pazenera. Anatsegula kompyuta ija. Khadi linakana kulowa: linali lalitali ndiponso lonenepa kuposa malo ake. Atalipendeketsa, panaoneka kabowo ka mapini 8 kofuna chingwe chimene m'kompyutamo munalibe. Power supply ya Dell ija sinkafika ndi mawati 300 omwe, pamene a Nvidia amalangiza ya mawati 550 pa khadi limene lokha limadya 170. Chipinda chinati zii. Kenako wometa anati, "Paja ndinanena ine." Wakabaza anati nayenso ananena. Mkulu wa mpingo anangopukusa mutu mwa munthu amene ulosi wake wakwaniritsidwa.

Lolemba mnyamata uja anabwerera ku Limbe, bokosi lili m'jumbo yakuda tsopano. Bambo wansanje uja sanaseke, ndipo ndimamulemekeza pa chimenechi. Anangotenga cholembera. Power supply yatsopano. Koma power supply wamba singakwane m'kabokosi kopyapyala ka Dell, ndiye kesi yatsopano. Koma makompyuta ambiri a muofesi otere ali ndi polumikizira magetsi pa mtundu wawowawo, ndiye motherboard inanso. Mwa kompyuta yoyamba ija panangotsala purosesa, RAM ndi hard drive. Zinali ngati munthu wogula batani lokongola amene wapezeka akusoketsa suti yonse kuti batanilo lipeze pokhala. Anzake a chipereganyu anamva kuti vuto la kumudzi lija lakula.

Atafika nazo kunyumba, sikirini nayo inaonetsa khalidwe. Inali ya chingwe cha buluu cha VGA, pamene khadi latsopano lili ndi HDMI ndi DisplayPort basi. Anakabwereka TV kwa mayi wa nyumba yachitatu, amene anavomera pokhapokha ana awo atatu apatsidwe malo kutsogolo. Ma driver, omwe ndi mamegabaiti mazanamazana, anawakoka pakati pa usiku ndi bandulo yotchipa, atakweza foni pazenera.

Ndiye linafika tsiku lalikulu. Gemu inatseguka, mnyamata uja anatembenuka n'kufunsa khamu: "Mwaona kusiyana kwake?" Ndani akanayerekeza kunena kuti sakuona? "Eee, aise, udzu weniweni uwu!" Wina anati akuona thukuta pamphumi pa goloboyi. Wometa anafotokozera ana kuti imeneyi ndiyo mphamvu ya 12GB. Chithunzi chinkadodomabe monga kale, koma wakabaza anati khadi likuzolowera kaye nyengo ya kuno, popeza ku Joni kumazizira. Anayamikira chotero mpaka mpira unafika pa hafu.

Amene anasokoneza chisangalalo anali mdzukulu wa alandilodi, mtsikana wa Sitandade 7, amene anakankhidwira kumbuyo kwa tebulo posowa malo. Anati, "Ankolo, chingwechi mwachilowetsa pamwamba apa. Nanga timabowo ta chinthu chatsopanochi pansipa n'ta ntchito yanji?" HDMI anali ataibaya pa motherboard. Zithunzi zonse zimene anthu ankaziombera m'manja zinkachokera ku purosesa yakale yomwe ija, khadi la ku Joni lili phee, osagwira ntchito ina iliyonse. Mnyamata uja anasuntha chingwe, n'kunena kuti amafuna aone ngati pali amene ali tcheru. Anthu onse anavomereza kuti nawonso anaona kalekale, kungoti sanafune kumuchititsa manyazi. Mtsikanayo anauzidwa kuti ana sayankhira akuluakulu.

Kunena zoona, chingwe chitalowa pamalo pake mpira unayenda bwino kwabasi, ngakhale kuti pa GTA V purosesa yokalambayo inkapumira m'mwamba, khadi n'kumaidikira. Mnyamata uja anapatsa mtsikana uja padi yachiwiri, ija ya batani lomatirira, kuti amusonyeze mmene akuluakulu amasewerera. Mtsikanayo anamuchinya 4 kwa 0. Wometa anati ndi purosesa imeneyo, ndipo anatchula ina yoti agule.

Sabata isanathe mayunitsi anatha pa mita, ndipo alandilodi anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kompyuta yotere ikamasewera imadya mawati pafupifupi 300, ndiye kuti yuniti imodzi imatha pakadutsa maola atatu ndi kanthu. Hotipuleti ya mawati 1,000 imamaliza yuniti yomweyo pa ola limodzi, ndipo nyemba sizipsa pa ola limodzi. Pa ploti yonse akudziwa kuti mkulu wa mpingo uja ali ndi hotipuleti pansi pa bedi, pamene mbaula yake imakhala pakhonde yoyera ngati yokongoletsera. Koma hotipuleti siwala mitundu itatu usiku ngati kompyuta ija, ndiponso sinadutse pa wometa ili pachifuwa. Mkuluyo ndiye analankhula motalika kuposa onse, za achinyamata amakono osaganizira anzawo.

Alandilodi anakumbutsa anthu lamulo la pa ploti, lakuti aliyense wokhala ndi fani m'nyumba amawonjezera pa chopereka cha magetsi. Kenako analowa okha m'chipinda cha mnyamatayo, n'kuwerama, n'kusuzumira m'kesi muja, mdzukulu wawo akuwaunikira ndi tochi ya foni.

"Mayi, timeneti ndi tongoziziritsa makina, sitipepesera munthu ayi."

"Tikuzungulira kapena sitikuzungulira?"

"Tikuzungulira, mayi."

"Awiri pa chachikuluchi, mmodzi apa, wina uyu, awiri kutsogolo. Mwana wanga, uli ndi mafani sikisi. Iwe, thamanga ukanditengere kope lija ndi bolopeni."