Andibatiza Popanda Madzi

Shuga wakweranso, koma ulendo uno sindidandaula ayi. Ndangoganiza zolowa mpingo.

Anthu a m'tauni amati ife a m'malire ndife odala chifukwa tili ndi misika iwiri. Iwo saona kuti tilinso ndi maboma awiri otikwezera mitengo. Mu Novembala 2023 a ku Lilongwe anagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, ife tinathawira ku metikashi. Tisanapume n'komwe, mu Januwale 2024 a ku Maputo anabwezera msonkho wa IVA wa 16 peresenti pa shuga, sopo ndi mafuta ophikira, ife tinathawiranso ku kwacha, n'kupeza kuti kumeneko shugayo akuchita kuimira pa mzere. Mu 2025 tinamva pa wayilesi kuti nyumba ya malamulo ku Maputo yachotsanso msonkhowo. Uthengawo ukadali m'njira. Maputo ndi kutali, ndipo mwini okala wa m'mudzi mwathu kuno ku Chiuta amangomva mawayilesi olengeza zokwera basi.

Choncho tiyi wa kunyumba kwanga wakhala akuonda pang'onopang'ono. Tinayamba ndi masupuni atatu, tinafika pa awiri, kenaka imodzi yosadzaza. Panadza nyengo ina yomwe mayi a kunyumba ankangoviika supuni youma m'kapu n'kutakasa mwamphamvu kuti phokoso lokha linditonthoze. Lero ketulo tikusungiramo mbewu ya therere.

Ndi mtima wotere ndinakumana ndi anyamata awiri mu Limbe, nditapita kukagulitsa matemba. Mukuwadziwa. Malaya oyera, tayi, kachikwangwani kakuda pachifuwa, kachikwama pambali, ndipo amayenda awiriawiri. Ndi a Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza, womwe Joseph Smith anayambitsa ku New York mu 1830. Anthu timangoti Amormoni, ngakhale mtsogoleri wawo wa nthawiyo Russell M. Nelson anapempha mu 2018 kuti dzinalo tilisiye. Mmodzi anali mzungu wa ku Utah, wofiira makutu ndi dzuwa. Mnzakeyo anali wakuda ngati ine ndemwe, wochokera ku Congo. Onse awiri ndevu zinali zisanaganize n'komwe zomera, koma pa zikwangwani zawo panalembedwa udindo wa akulu a mpingo.

Pofuna kuonetsa ulemu wa kwathu, komanso podziwa kuti mzungu sangalole kuti mkulu ngati ine alipire, ndinawaitanira m'tiyirumu.

"Pepani bambo, ife sitimwa tiyi," anatero wa ku Congo uja.

"Nanunso wakukwererani?"

Anandifotokozera mofatsa kuti ndi lamulo la mpingo, lochokera ku vumbulutso la mu 1833: tiyi ayi, khofi ayi, mowa ayi, fodya ayi. Ndinawerenga pa zala. Tiyi ndinasiya. Khofi ndimangomuona pa kalendala. Mowa unatha tsiku lomwe mayi a kunyumba anayamba kusunga okha ndalama za nsomba. Fodya adokotala anandiletsa. Ana inu, ndinatero, inu munafunika mneneri kuti musiye zimenezi, ine unduna wa zachuma wokha wandikwanira. Ndine wanu kale, kungoti madzi sanandikhudze.

Anaseka mwaulemu, koma ine sindinkaseka. Ndinawakhazika pa thumba la matemba kuti andiuze moyo wawo wonse, ndipo chilichonse chomwe ankatchula chinkangokhala mbiri yanga.

Mnyamata akakwana zaka 18 amalemba kalata yodzipereka, ndipo yankho limachokera ku Salt Lake City kumuuza dziko lomwe apite. Sasankha yekha. Amakatumikira zaka ziwiri, atsikana miyezi 18. Inenso sindinasankhe. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, Amozambiki pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo banja lina linamanga msasa kuseri kwa nkhokwe ya malume anga ku Machinga. M'banjamo munali mtsikana. Atasainirana mtendere ku Rome mu Okutobala 1992, anthu aja anayamba kumanga akatundu kubwerera kwawo, ndipo pa katundu amene anamangidwayo panali ine. Walira mvula walira matope: kwa Alomwe mwamuna ndiye amatsata mkazi. Ndinawoloka nyanja ya Chiuta pa bwato ndi wayilesi, bulangeti ndi khasu, n'kuyamba utumiki wa kunja womwe anthu osadziwa zauzimu amautcha chikamwini.

Zaka ziwiri! Ine ndatumikira pansi pa a Chissano, a Guebuza, a Nyusi, ndipo tsopano a Chapo. Mapulezidenti amamaliza nthawi yawo n'kupita kwawo. Ine kalata yondimasula sinabwere.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya mnzako woyenda naye. Lamulo lawo ndi lakuti mishonale asakhale yekha. Amadya limodzi, amaphunzira limodzi, amagona chipinda chimodzi, ndipo nthawi zonse mmodzi azikhala pomwe mnzake akumuona ndi kumumva. Pamene ankafotokoza zimenezi ndinatembenuka pang'ono, ndipo anali pomwepo, phewa ndi phewa, akutafuna matemba a malonda: alamu anga.

Alamuwa ndi mlongo wawo wa mayi a kunyumba. Palibe amene anawalemba ntchitoyi poyera, koma kuyambira tsiku lomwe ndinatsika m'bwato sanandichoke. Ndikapita ku dimba, iwo ali pa chulu akundiyang'anira. Ndikapita ku Insaca kukasainitsa mapepala, iwo ali pa kaliyala ya njinga yanga, ndipo opalasa ndine. Ndikati ndikwere sitima ku Entre Lagos, ndimapeza andisungira kale malo, tikiti ndilipire ndine. Tsiku lina ndinadzuka usiku kuti ndikaone ngati mbuzi zili bwino, ndipo mumdima ndinamva mawu akuti, "Zilipo zonse, alamu, ndawerenga kale." Anyamata aja amalemba lipoti kwa mtsogoleri wa mishoni sabata iliyonse. Alamu anga lipoti lawo ndi la tsiku ndi tsiku, la pakamwa, ndipo limaperekedwa kwa apongozi dzuwa likamalowa, pamodzi ndi ndemanga.

Ndinafunsa wa ku Utah uja kuti kodi mnzakoyo akakutopetsa umatani. Anati umapemphera, umamutumikira, mwina kumupukutira nsapato, ndipo umapirira, chifukwa pakatha masabata asanu ndi imodzi alionse pamakhala kusintha, ena amasamutsidwa, ena amapatsidwa mnzawo watsopano. Masabata asanu ndi imodzi. Ndinayang'ana alamu, alamu anayang'ana thumba la matemba.

Zina zonse zinali zazing'ono kwa munthu wozama ngati ine. Amati amadzuka 6:30 m'mawa, n'kumanena ngati ndi mtanda wolemera. Mkamwini wodzuka 6:30 kwathu kuno nkhani yake imakafika kwa ankhoswe. Amati saloledwa kusambira. Ifenso pa Chiuta sitisambira mwachisawawa, ndipo lamuloli amalilondoloza ndi ang'ona, omwe sapereka chenjezo loyamba. Amati mpaka mu Febuluwale 2019 ankaimba foni kwawo kawiri kokha pa chaka, pa Khirisimasi ndi pa tsiku la anakubala, koma tsopano amaimba sabata iliyonse. Ine netiweki ya ku Malawi ndimaipeza pamwamba pa chulu chimodzi chokha, ndipo chuluchi, monga ndanena, chili ndi mwini wake. Amati amaphunzira chilankhulo cha eni dziko m'masabata ochepa pa sukulu yawo asananyamuke. Apa pokha andiposa. Chipwitikizi changa chimayambira pa moni n'kuthera pa kuuza wapolisi kuti ndilibe.

Nanga malipiro? Palibe. Ndipotu amachita kulipira okha. Ku America banja limapereka madola mwezi ndi mwezi kuti mwana wawo akagogode pa zitseko za anthu osamufuna. Alamu anga atamva izi anatsamwa ndi litemba. Ine sindinadabwe. Kulipira kuti ugwire ntchito pa malo omwe si ako, kumanga nyumba pa dothi lomwe sudzaikidwapo, kudzala mango omwe adzadye ndi ana a mlongo wa mkazi wako, chiphunzitso chimenechi ndinachimaliza kalekale, ndipo ndingathe kuchiphunzitsa ku sukulu yawo ija.

Alamu anafunsa funso limodzi lokha tsiku lonselo. Anatsitsa mawu n'kuti anamva kuti mpingowu umalola mitala. Anyamata aja anayankha msanga, ngati anthu ozolowera funsolo, kuti zimenezo mpingo unaletsa mu 1890, ndipo wochita zotero lero amachotsedwa. Chidwi cha alamu pa nkhani za chipulumutso chinathera pomwepo.

Kwathu kuno sindinawaonepo anyamatawa. Akuyandikira ndithu: mishoni ya ku Maputo inatsegulidwa mu 2005, ya ku Beira mu 2021, ya ku Lilongwe mu 2024, ndipo ku Beira analengeza kuti amanga kachisi. Koma ndikukayika ngati malaya oyera angapirire msewu wochokera ku Cuamba. M'chilimwe munthu amafika ku Mecanhelas ali wofiira mpaka nsidze, m'dzinja amafika wa matope, ngati wafika n'komwe. Chinthu chokha chomwe chimadutsa kuno pa nthawi yake ndi sitima ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, ndipo malasha sadandaula za fumbi. Tsono wonjezerani mtengo wa sopo. Mnyamata wa ku Utah atati achape malaya oyera tsiku lililonse ku Chiuta, madola aja angathe mwezi usanafike pakati.

Pokwera basi yobwerera ndinkaseka ndekha, koma titafika ku Liwonde chiseko chinali chitatha. Nafenso timatumiza ana a zaka 18 kunja. M'midzi ya ku Machinga, ku Mangochi ndi kuno ku Mecanhelas, pitani mukawerenge anyamata otsala. Ali ku Joni. Palibe kalata yowaitana, palibe sukulu yowakonzekeretsa, palibe mtsogoleri wowadikira pa bwalo la ndege. Amagulitsa njinga ya bambo awo n'kupatsa wa thiransipoti, amadutsa Tete ndi Beitbridge mtima uli m'mwamba, ambiri opanda pasipoti, pajatu kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira mapasipoti ku Malawi anaima kwa masabata ambiri. Amwayi amatumiza malata ndi sola. Ena amathera ku Lindela kudikira kubwezedwa. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso inapsa mu Johannesburg, anthu oposa 70 anafa, ndipo pakati pawo panali Amalawi ambiri. Miyezi itatu isanathe, boma la Malawi linakweza ndege achinyamata 221 kupita ku minda ya ku Israel nkhondo ili mkati, n'kutiuza kuti umenewu ndi mwayi wa ntchito. Mnyamata wa makutu ofiira uja akudziwa mwezi womwe adzabwerere kwawo, ndipo kuli sukulu yomwe ikumudikira. Sindimuchitira nsanje, ndi mwana waulemu ndipo dzuwa likumupsereza mokwanira. Ndikungofunsa maboma anga awiriwa, omwe sandiiwala pa nthawi ya msonkho: ana athuwa mwawakonzera chiyani choti abwerere?

Basi, zimenezo n'za akuluakulu. Ine nditafika kunyumba ndinaganiza zotsata ndondomeko ya mpingo wanga watsopano. Mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi maso ndi maso, choncho ndinatuma ankhoswe kuti akapereke pempho langa kwa mtsogoleri wa mishoni: kuti poona zaka zomwe ndatumikira, poona kuti masabata asanu ndi imodzi anakwana kale nthawi ya a Chissano, ndikupempha kusamutsidwa, kapena ngati n'zosatheka, kupatsidwa mnzanga wina woyenda naye.

Apongozi anamvetsera ali kuseri kwa nkhokwe, akusenda chinangwa. Akuti anafunsa kaye ngati mpingowo uli ndi chopereka. Atauzidwa kuti ndi chakhumi, anati palibe vuto, popeza zisanu ndi zinayi zotsalazo zizibwerabe kwa iwo. Pa nkhani ya ubatizo anati nyanja ndi iyo, ndipite nthawi iliyonse, makamaka madzulo pamene ang'ona ali pafupi kuti achitire umboni.

Yankho la pempho lenileni linabwera m'mawa mwake, ndipo analibweretsa ndi alamu, atavala malaya anga oyera a ukwati omwe ndakhala ndikuwafunafuna kuyambira nthawi ya a Guebuza.

"Alamu, zatheka," anatero. "Amayi avomera. Akusamutsani."

"Kupita kuti?"

"Kuchoka ku munda wa kumtunda kupita ku dimba la mpunga. Mbalame zachuluka, mukufunika kumeneko kuyambira m'bandakucha."

"Nanga za mnzanga woyenda naye?"

"Zimenezonso akambirana. Akuti ntchito yakula, munthu mmodzi sangakwanitse kukuyang'anirani. Kuyambira mawa tizibwera awiri, ine ndi mng'ono wanga."